Mutu 9: Kapinga, Bwenzi la Pabwalo, Mdani wa M'munda

Chiyambi

M'mutu wapitawu mudaphunzira za zomera zosafunika m'munda zimene zimakhala nyengo imodzi yokha, monga chisoso ndi chigombe. Zomera zimenezi zikangobereka njere, basi zatha, zimauma. M'mutu uno tiona udzu wa khalidwe lina, umene sufa chaka chikatha. Chitsanzo chathu ndi kapinga.

Tasankha kapinga chifukwa simudzavutika kumupeza. Ngati mukuphunzitsa m'dera la Kadoma kapena Chegutu, tulukani panja pompano, muyang'ane m'mphepete mwa bwalo la mpira, pafupi ndi mjigo, kapena kumalire a dimba la sukulu. Mumupeza ndithu. Ana anu amamupondaponda tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri a iwo amathera Loweruka akulimbana naye m'minda ya makolo awo. Tsono ndi bwino kuti adziwe chifukwa chake udzu umenewu umabwereranso ngakhale aupalire kangati.

Zolinga

Pomaliza mutu uno muyenera kutha:
- kulongosola maonekedwe a kapinga ndi mmene amakulira;
- kusiyanitsa chomera cha konkuno chovutitsa m'munda ndi chomera chobwera cholanda malo;
- kufotokoza njira zimene kapinga amafalira;
- kusankha njira zoyenera zochepetsera kapinga m'dimba la sukulu;
- kukonza phunziro loti ophunzira aone okha zimenezi ndi maso awo.

Kapinga ndi udzu wotani?

Kapinga ndi udzu waufupi woyanga. Nthawi zambiri sapitirira masentimita 40 kutalika. Masamba ake ndi aang'ono, osongoka, obiriwira motuwirako. Akafuna kubereka amatulutsa kaphesi kowonda, ndipo kumutu kwake kumakhala timichira titatu mpaka tisanu ndi tiwiri totambasuka ngati zala za dzanja. Njere zake zili pa timichira timeneti.

Anzathu olankhula Chishona amati tsangadzi, olankhula Chindebele amati uqethu. M'mabuku a zaulimi a Chingerezi a kuno mudzapeza dzina loti couch grass, pamene ku America amati Bermuda grass. Dzina la sayansi ndi Cynodon dactylon. Mawu awiriwa adachokera ku Chigiriki: loyambalo likutanthauza dzino la galu, lachiwirilo chala. Chalacho mwachiona kale. Dzino la galulo mulipeza mukakumba pansi, pakuti nsonga ya tsinde loyenda m'nthaka ndi yolimba ndi yosongoka ngati dzino.

Nanga n'chifukwa chiyani kapinga safa?

Yankho lili pa matsinde ake. Kapinga ali ndi matsinde a mitundu iwiri oyenda cham'mbali. Ena amayanga pamwamba pa nthaka monga imachitira mbatata. Ena amayenda pansi pa nthaka. Amenewa ndi oyera, olimba, ndipo anthu ambiri amawatcha mizu, chonsecho si mizu ayi. Mukawayang'anitsitsa muona kuti ali ndi mfundo ngati nzimbe. Pa mfundo iliyonse pali kadiso kotha kuphuka, ndiponso pamatha kutuluka mizu. Ndiye kuti kachidutswa kokhala ndi mfundo imodzi yokha kakhoza kusanduka kapinga watsopano.

Matsinde a pansiwa ndiwonso nkhokwe. M'dzinja masamba amapanga chakudya, ndipo china amachisunga m'matsindemo. Ikafika nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, pamwamba pamauma n'kuoneka ngati zatha. Moto ukadutsa umangonyambita zapamwambazo. Koma pansi moyo ulipo. Mvula yoyamba ikangogwa mu Okutobala kapena Novembala, kapinga amadzuka ndi chakudya chosunga kale, pamene chimanga chanu chikuyamba kumene kumera kuchokera ku njere imodzi. Mpikisano wake ngwosalingana, eti?

Pali zinanso ziwiri. Choyamba, mizu yake yeniyeni imalowa pansi kwambiri, mpaka kupitirira mita imodzi pa nthaka yakuya, choncho amapirira chilala. Chachiwiri, kapinga ali m'gulu la zomera zimene akatswiri amazitcha C4, gulu limodzi ndi chimanga, mapira ndi nzimbe. Zomera zimenezi zimakula msanga pa dzuwa lamphamvu ndi potentha. Koma pomwepa ndi pamene pali kufooka kwake: kapinga sagwirizana ndi mthunzi. Mfundo imeneyi muisunge, tiifuna kutsogoloku.

Ntchito 1

Tengani khasu, mukumbe kapinga pa malo a masentimita 30 m'litali ndi 30 m'lifupi. Kutumulani dothi bwinobwino. Patulani masamba, matsinde a pamwamba, matsinde a pansi ndi mizu. Werengani mfundo zonse za matsinde a pansi. Ngati mfundo iliyonse itaphuka, pangamere kapinga wochuluka bwanji pa malo ochepa chonchi? Lembani zimene mwapeza m'kope lanu.

Kodi kapinga ndi wobwera kapena wa konkuno?

Apa pamafunika kusamala pophunzitsa, chifukwa ophunzira amasokoneza zinthu ziwiri. Pali chomera cha konkuno chimene chimangovutitsa chikalowa m'munda. Palinso chomera chobwera kuchokera ku dziko lina, chimene chikafika chimafala chokha n'kulanda malo a zomera za eni dera. Lantana, amene wadzaza m'malo ambiri odyetsera ziweto, adachokera ku America. Namasupuni wa pa Lake Chivero adachokera ku South America. Zomera ziwirizi zili pa mndandanda wa zomera zobwera zowononga m'lamulo la zachilengedwe la Environmental Management Act la chaka cha 2002, limene limayang'aniridwa ndi bungwe la EMA.

Kapinga ali mbali iti? Kuno ku Africa ndi kwawo. Kwa ife ndi mwana wa pakhomo wosamva, osati mlendo. Koma kumaiko a America ndi wobwera. Adafika kumeneko kalekale pa zombo, ndipo lero ali ponseponse m'madera otentha. Anthu adathandizanso kumufalitsa mwadala. Mu 1943 katswiri wina wa ku Tifton, m'chigawo cha Georgia, dzina lake Glenn Burton, adatulutsa mtundu wotchedwa Coastal, umene adaupeza pokwatitsa kapinga wa kumeneko ndi wina wochokera ku South Africa. Alimi a ng'ombe adaubzala m'minda yambirimbiri. Ku India kapinga amamutcha durva, ndipo Ahindu amamulemekeza pa mapemphero awo.

Mu 1977 LeRoy Holm ndi anzake adalemba buku lotchedwa The World's Worst Weeds, m'mene adandandalika zomera zovutitsitsa alimi pa dziko lonse. Woyamba adali dawe, wachiwiri kapinga. Adapeza kuti kapinga amavutitsa m'maiko opitirira 80. Chigombe, nansongole ndi namasupuni nawonso ali pamwamba pa mndandanda womwewo. Ophunzira anu adzadabwa kumva kuti udzu umene amapalira kwawo ndi wotchuka chotere.

Kuno tili nawonso maudzu oyanga amene adachita kubweretsedwa kapena kusankhidwa ndi anthu. Kikuyu adachokera kumapiri a kum'mawa kwa Africa, makamaka ku Kenya, ndipo dzina lake ndi la mtundu wa anthu a kumeneko. Amakonda malo ozizira ndi a chinyontho, choncho ku Kadoma mumamuona kwenikweni pa mabwalo othiriridwa. Ku South Africa malamulo a 2014 adamuika pa mndandanda wa zomera zoletsedwa kubzala m'madambo ndi m'malo otetezedwa. Winayo ndi star grass, mbale wake wa kapinga koma wamkulu thupi. Mtundu wake wina wotchedwa No. 2 umadziwika ndi dzina la malo ofufuzira zaulimi a Henderson, kufupi ndi Mazowe, ndipo udabzalidwa kwambiri m'mapulazi a ng'ombe. Star grass alibe matsinde a pansi, koma a pamwambawo ndi ataliatali ndipo amathamanga koopsa.

Phunziro lake ndi lakuti udzu womwewo ukhoza kukhala chuma kuno, mliri uko. Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Wobzala udzu woyanga adziwiretu kuti udzuwo sudziwa malire.

Kapinga ku Kadoma ndi ku Chegutu

Matauni awiriwa ali m'chigawo cha Mashonaland West, pa msewu ndi njanji yochokera ku Harare kupita ku Bulawayo. Chegutu ili pafupifupi makilomita 110 kuchokera ku Harare, Kadoma pafupifupi 140. Mpaka 1982 ankatchedwa Hartley ndi Gatooma, maina amene agogo ambiri a m'makomboni akuwatchulabe. Agogo amenewa, kapena makolo awo, adachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique kudzagwira ntchito m'migodi ya golide monga Cam and Motor ndi Dalny, m'mapulazi, ndi m'mafakitale a nsalu a David Whitehead. Dzina loti kapinga adabwera nalo, koma udzuwo adaupeza konkuno.

Pali zifukwa zinayi zimene dera lino likuyanjana ndi kapinga.

Choyamba ndi nyengo. Kuno n'kotentha, mvula imagwa miyezi yochepa, ndipo kawirikawiri imadula pakati pa dzinja. Mbewu zikamafota, kapinga amakhala akumwabe madzi a pansi. Pa chilala cha 1992 ndi cha 2024 mbewu zambiri zidapserera, koma udzu wa matsinde a pansi umangodikira mvula ina.

Chachiwiri ndi thonje. Dera lino ndi lodziwika ndi mbewu imeneyi, ndipo malo ofufuzira za thonje a Cotton Research Institute adakhazikitsidwa ku Kadoma mu 1925. Thonje limakula pang'onopang'ono m'masabata oyamba, ndipo limachedwa kuphimba nthaka. Dzuwa limafika pansi mokwanira, kapinga n'kumasangalala. Amalanda madzi ndi feteleza, ndipo thonje limapinimbira. Chimanga nachonso chimavutika chikapanikizidwa m'masabata asanu ndi limodzi oyamba. Chikafooka nthawi imeneyi, ngakhale mupalire pambuyo, zokolola zatsika kale.

Chachitatu ndi nthaka yosokonezedwa. Kapinga amakonda pamene zomera zina zachotsedwa: m'mbali mwa misewu, m'njira za ng'ombe, pa makola akale, pozungulira maenje a okumba golide, ndi m'magombe odyetsedwa mopitirira a mitsinje monga Mupfure ndi Muzvezve. Ng'ombe zikadya msipu mpaka pansi, udzu wautali umatha, koma kapinga amatsala chifukwa timaso take tili pansi pamene mano safika.

Chachinayi ndi kusintha kwa kagwiritsidwe ntchito ka malo. Kuyambira chaka cha 2000 mapulazi akuluakulu ambiri adagawidwa. Pamene munda watsopano wagwera pa malo akale odyetsera ng'ombe, mlimi amayamba ulimi wake pamwamba pa udzu woyanga wokhazikika kale. Kalimidwe nakonso kasintha. Ulimi wa m'maenje wa Pfumvudza, umene boma lidayamba kuulimbikitsa dziko lonse mu 2020, umasunga chinyontho ndi nthaka, koma poti nthaka siitembenuzidwa, kapinga akhoza kukhazikika ngati mlimi sadamuchotse poyamba ndiponso ngati sakuphimbira mokwanira.

Njira zimene kapinga amafalira

Kapinga yekha amayenda pang'onopang'ono ndi matsinde ake. Amene timamuthamangitsa ndife. Taonani:

- Khasu ndi pulawo. Mukadula tsinde limodzi zidutswa khumi nthaka ili yonyowa, mwabzala kapinga khumi. Thirakita ya madisiki ndiye imachita kumuwaza munda wonse.
- Zipangizo zobwereka. Zidutswa zimakola pa pulawo n'kukagwera m'munda wa mnzanu.
- Manyowa. Njere zina zimatuluka zamoyo m'ndowe, komanso kapinga amamera mozungulira khola. Manyowa osawolerana bwino amalowetsa udzuwu m'dimba.
- Dothi ndi mchenga zotutidwa pomanga, ndiponso mbande zobwera ndi dothi la kwina.
- Madzi osefukira ndi ngalande zothirira.
- Kubzala mwadala pa mabwalo, pa makhomo ndi pa migula.

Ntchito 2

Gawani ophunzira m'magulu atatu. Gulu lililonse lidule zidutswa 10 za matsinde a pansi, chilichonse chokhala ndi mfundo ziwiri. Gulu loyamba libzale zidutswa zake tsiku lomwelo m'zitini za dothi. Gulu lachiwiri liyambe laziyanika pa lata padzuwa kwa masabata awiri, kenaka libzale. Gulu lachitatu libzale tsiku lomwelo, koma livundikire zitini ndi katoni kuti kuwala kusalowe. Onse azithirira mofanana. Sabata iliyonse awerenge zimene zaphuka, ayeze kutalika kwake, ndipo alembe pa tchati cha pakhoma. Musawauziretu yankho. Pakatha masabata asanu afunseni: kodi dzuwa lachita chiyani? Nanga mdima? Mlimi angatolepo nzeru yanji?

Kuthana ndi kapinga m'munda

Tinene poyera: palibe njira imodzi yothetsa kapinga tsiku limodzi. Chofunika ndi kumulanda chakudya cha m'nkhokwe yake mpaka atafooka. Njira zake ndi izi.

Kukumba m'chilimwe. Mukangokolola, nthaka isanaume gwa, galauzani munda kuti matsinde a pansi atulukire pamtunda. Dzuwa ndi mphepo ya chilimwe zimawaumitsa. Kwa alimi a thonje, nthawi imene lamulo limawalamula kudula ndi kuwononga mapesi a thonje pofuna kupha mbozi ndi nthawi yabwinonso yoona kapinga. M'dimba laling'ono gwiritsani ntchito foloko yokumbira, chifukwa imazula tsinde lathunthu osalidula. Tolani zidutswa zonse, muziyanike pa malo ouma mpaka zife. Musaziponye pa mulu wa kompositi zili zaziwisi, mungadzabwezenso nokha m'dimba.

Kumumana dzuwa. Pajatu tidati kapinga amaopa mthunzi. Mbewu zoyanga za masamba ambiri monga kalongonda, khobwe ndi maungu zimaphimba nthaka. Kubzala mbewu pa mpata woyenera ndi pa nthawi yake kumathandiza kuti zitseke msanga. Pa bedi la ndiwo zamasamba mukhoza kuyala makatoni akale, n'kuika udzu wouma wambiri pamwamba. Kuphimbira kopyapyala sikuthandiza, kapinga amangoboola.

Kupalira kawirikawiri. Nthawi iliyonse akaphuka amagwiritsa ntchito chakudya chosunga. Mukamudula asanabwezeretse, nkhokwe imachepa. Mukamusiya mwezi, mwabwerera poyambira. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Kutchinga malire. Pakati pa bwalo la mpira ndi dimba siyani mpata wopanda udzu, kapena kumbani kangalande, ndipo muziyendera sabata iliyonse kudula matsinde owoloka. Pulawo yobwereka muiyeretse isanalowe m'munda.

Mankhwala. Glyphosate amapha kapinga mpaka pansi, koma pokhapokha atapoperedwa udzuwo uli wobiriwira ndipo ukukula bwino. Kupopera pa kapinga wouma kapena wofota ndi kutaya ndalama. Mankhwalawa sasankha, amaphanso mbewu zimene awakhudza. Palinso ena opha udzu wokhawokha, amene amagwiritsidwa ntchito m'thonje ndi m'soya, koma m'chimanga ayi, poti chimanga nachonso ndi mtundu wa udzu. Musanagule funsani mlangizi wa zaulimi wa m'dera lanu, ndipo werengani malangizo a pa botolo. Safunsa adadya phula. Chachikulu kwa inu aphunzitsi ndi ichi: mwana wa sukulu asagwire, asasakanize, asapopere mankhwala. Imeneyi ndi ntchito ya munthu wamkulu wovala zodzitetezera, ndipo botolo lotha lisasanduke chotungira madzi.

Tisaiwale ubwino wake

Mukangophunzitsa zoipa zokhazokha, ana adzakufunsani chifukwa chake ahedi amawatuma kukabzala kapinga pabwalo. Funso labwino limenelo. Kapinga amagwira nthaka kuti isakokoloke, amachepetsa fumbi ndi matope pa sukulu, ndipo amapirira mapazi a ana. Amalimbitsa zipupa za madamu ndi ngalande. Ng'ombe, mbuzi ndi abulu amamudya, makamaka pamene msipu wina watha. Poti amapirira nthaka yovuta, amabzalidwanso pa milu ya zotsalira za m'migodi kuti mphepo isamauluze fumbi lake kupita m'makomboni.

Pano pali machenjezo atatu. Milu ya ku migodi ya golide ikhoza kukhala ndi poizoni, choncho musatume ana kukazula kapinga kapena kukatuta dothi kumeneko, ndipo ziweto zisadyeko. Star grass wanthete, makamaka wothiridwa feteleza wambiri kapena wofota ndi dzuwa, nthawi zina amakhala ndi poizoni wotha kudwalitsa ziweto. Komanso mungu wa kapinga umayambitsa chimfine ndi kubanika kwa ana ena, makamaka a mphumu. Otere musawaike pa ntchito yotchetcha udzu uli ndi maluwa.

Ndiye funso loti ophunzira aphunzire kufunsa si lakuti, "Kodi udzu uwu ndi wabwino kapena woipa?" koma lakuti, "Kodi uli pamalo pake? Ndipo ukachoka pamenepa, ndani adzauletsa?"

Ntchito 3

Ophunzira ajambule mapu a sukulu yanu, aike chizindikiro paliponse pali kapinga. Agwirizane malo amene akufunika ndi amene sakufunika. Kenaka aliyense akafunse munthu wachikulire kwawo dzina la udzuwu m'chinenero chake, ndi mmene ankathanirana nawo kale. Zimene abweretsa zikhoza kukhala phunziro la chinenero, la masamu ndi la zaulimi nthawi imodzi.

Mwachidule

Kapinga ndi udzu wokhala zaka zambiri chifukwa cha matsinde a pansi osunga chakudya. Kuno ndi kwawo, koma kumaiko ena ndi wobwera wolanda malo. Amafala kwambiri chifukwa cha zochita za anthu. Amafooka ndi kuuma kwa matsinde ake, mthunzi, ndi kupalira kosalekeza. Ali ndi ntchito pabwalo ndi pa msipu, koma amafuna malire. Pang'onopang'ono ndi mtolo: dimba limayera chaka ndi chaka, osati tsiku limodzi.

Dziyeseni

1. Tchulani zinthu ziwiri zosonyeza kuti zoyera za pansi pa kapinga ndi matsinde, osati mizu.
2. Fotokozani kusiyana kwa kapinga ndi lantana pa nkhani ya kumene zidachokera.
3. N'chifukwa chiyani kulima ndi madisiki nthaka ili yonyowa kumachulukitsa kapinga?
4. N'chifukwa chiyani thonje limavutika kwambiri ndi kapinga m'masabata oyamba?
5. Komiti ya sukulu ikufuna kubzala udzu woyanga pafupi ndi dimba. Lembani malangizo anayi amene mungaipatse.